Mmene mungaonerere mafilimu a mizukwa a ku Asia ndi maso a munthu amene analirapo maliro

Filimu yoyamba ya mizukwa ya ku Japan ndinaionera ku Mchini, komboni ya m'tauni ya Chipata, m'nyumba ya amalume, pa ka TV kamene masana tinkakafunditsa nsalu kuopa fumbi. Disiki yake ndinaigula pa msika wa Kapata. Inali Ringu ya 1998, imene anatsogolera Hideo Nakata. Anyamata tinali pa mkeka, mitima ili m'mwamba, kudikira nthawi imene mtsikana watsitsi lalitali atulukire kuti tikuwe. Ambuya anali pa mpando kumbuyo kwathu, lichero lili pamiyendo, akuswa nshawa. Chijapani sankachimva, Chingerezi cholembedwa m'munsi sankachiwerenga, koma filimu itapita patali anandigwira paphewa nati, "Iwe, mwana wamkaziyu anamulira ndani?" Ndinati palibe amene waoneka akulira, Ambuya. "Nanga anamuika kuti?" Ndinati akuti anamuponya m'chitsime n'kutsekapo. Anapukusa mutu, dzanja likubwerera m'lichero. "Ndiye mukudabwa chiyani kuti akuyenda?"

Funso limenelo landiperekeza zaka zonsezi. Ndaonera mafilimu ambiri a ku Japan, Korea, Thailand, Hong Kong ndi Indonesia, kale pa madisiki, masiku ano pa foni mabandulo akalola, ndipo ambiri mwa iwo mfundo yake imamasuka ndi funso la Ambuya lija. Mzukwa wa m'mafilimu amenewa kawirikawiri ndi munthu amene maliro ake sanathe, kapena amene anamulakwira n'kukwirira nkhaniyo. Ife a kuno kum'mawa kwa Zambia, amene tinagonapo pa siwa, amene tinasambapo m'manja pochokera kumanda, tili ndi maso oonera zimenezi kuposa mmene timadziyesera. Ndikufuna ndikusonyezeni poyang'ana. Ndikuchenjezeni kuti mathero a mafilimu ena ndiwaulula, chifukwa tanthauzo nthawi zambiri limakhala komweko.

Musanayambe kuonera

Pezani filimu ya mawu olembedwa m'munsi, osati ija imene wina amalankhulira pamwamba n'kumaseketsa anthu. Zija zimakoma pa filimu yomenyana. Pano zimakwirira ng'oma, mabelu ndi mapemphero, pomwe theka la nkhani lili mmenemo.

Dziwaninso dziko limene filimuyo yachokera, chifukwa Asia si mudzi umodzi. Mngoni wa ku Mtenguleni ndi Mchewa wa ku Mkaika amagula pa msika umodzi, koma mwambo wa Nc'wala si mwambo wa Kulamba. Ku Japan mudzakumana ndi Shinto, chipembedzo cha makolo awo, ndi Chibuda zitalukana. Ku Korea kuli amizimu otchedwa mudang, Chibuda, mwambo wa Confucius wolemekeza makolo, ndi matchalitchi ochuluka. Ku Thailand kuli amonke achibuda pamodzi ndi mizimu imene amaitcha phi. Ku Indonesia kuli Chisilamu chimene chinapeza miyambo yakale ilipo kale. Ku Hong Kong ndi ku Taiwan mudzaona ansembe a Chitao, chipembedzo chakale cha ku China. Mukasakaniza zonsezi mudzangoona utsi ndi anthu ovina.

Ngati mungathe, onerani kawiri: koyamba kuti muope, kachiwiri masana kuti muone. Ndipo musaonere ndi ana, kapena ndi munthu amene waferedwa posachedwa.

Anafa bwanji, ndipo chinatsala n'chiyani

Ku Japan mzimu wobwerera ndi mkwiyo amautcha onryo, ndipo nkhani zake n'zakale kuposa kanema. Pali nthano ya Okiku, mtsikana wantchito amene anamunamizira kuti wasowetsa mbale imodzi mwa mbale 10 zamtengo wapatali. Anamupha n'kumuponya m'chitsime. Usiku uliwonse mawu ankamveka pansi pamenepo akuwerenga mbale, imodzi, ziwiri, zitatu, mpaka 9, kenako kulira kosweka mtima. Pa linga lachifumu la Himeji alendo amaonetsedwa chitsime chotchedwa dzina lake mpaka lero. Chimene chimandigwira mtima ndi mmene ena amamalizira nthanoyi. Akuti munthu wina anadikira pafupi, mtsikanayo atafika pa 9 iye anafuula kuti "khumi!", ndipo mawu aja sanamvekenso. Sanamuthamangitse ndi moto kapena mkondo. Anamumalizira chiwerengero chimene chinkamusowetsa mpumulo.

Choncho mzukwa ukangooneka, gwirani mtima pang'ono mufunse kuti mbale yakhumi ili kuti. Chimene sichinachitike n'chiyani?

Nthawi zina yankho lili pathupi pa mzukwa pomwepo. M'mafilimu a ku Indonesia muli pocong, mtembo wokutidwa nsalu yoyera, womangidwa kumutu ndi kumapazi, woyenda modumphadumpha. Anzathu achisilamu a m'tauni muno aizindikira nsaluyo mosavuta, chifukwa ndi mmene amaikira maliro. Zingwe zija zimayenera kumasulidwa mtembo ukalowa m'manda. Chikhulupiriro cha anthu wamba kumeneko chimati zikaiwalika, wakufayo amadzuka kufunafuna womumasula. Mukadziwa zimenezi, kudumpha kuja kumasanduka chinthu chomvetsa chisoni: munthu womangidwa miyendo akutsata abale ake kuti amalize ntchito yawo.

Chimodzimodzi jiangshi wa m'mafilimu a ku Hong Kong, mtembo wouma wotambasula manja, wokhala ndi pepala lachikasu pamphumi. Filimu imene inamutchukitsa, Mr. Vampire ya 1985, ndi yoseketsa, koma muzu wake suli woseketsa. Nkhani zakale za ku China zimanena za anthu ofera kutali ndi kwawo, ku ntchito, ndi za ansembe a Chitao amene ankalipidwa kuti aperekeze mitemboyo usiku, akuliza belu, mpaka ikafike kumudzi. Ena amafotokoza kuti mitemboyo inkamangiriridwa pa nsungwi zonyamulidwa ndi amuna awiri, ndipo nsungwi zikamanyenyeka poyenda, woonera patali ankaona ngati akufawo akudumpha. Aliyense amene anachezerapo usiku pa Great East Road, kuchoka ku Lusaka kudutsa pa mlatho wa Luangwa, bokosi lili pakati pa galimoto, azimayi akuimba motsitsa mawu, kuti m'bale akagone pafupi ndi makolo ake ku Katete kapena ku Chadiza, akudziwa chimene chinkawavutitsa anthu amenewa. Munthu sagona bwino m'dothi lachilendo.

Ku Thailand mzimu woopedwa kwambiri ndi wa mayi wofa ndi mwana m'mimba. Mae Nak ndiye wodziwika: anamwalira pobereka mwamuna wake ali kunkhondo, ndipo mwamunayo atabwerera anakhala naye m'nyumba osadziwa kuti mkazi ndi khanda anafa kale. Filimu ya Nang Nak ya 1999 imasimba nkhaniyi. Si nthano ya pa kanema pokha: pa kachisi wa Wat Mahabut ku Bangkok anthu amamupititsira madiresi ndi zidole za mwana. Kwathunso maliro a mayi wapakati sayendetsedwa ngati maliro wamba, ndipo akuluakulu salankhula za iwo mokweza.

Chovala, tsitsi ndi masiku

Kwathu namfedwa timamudziwira chakuda. Ku Japan, Korea ndi China mtundu wakale wa maliro ndi woyera. Mtsikana wa mu Ringu atavala zoyera sanavale za ukwati kapena za ubatizo. Wavala za m'bokosi. Yang'anitsitsani kolala ngati chovalacho ndi kimono: wamoyo amaika mbali yakumanzere pamwamba pa yakumanja, wakufa amamuveka mosemphanitsa. Woonera wa ku Japan amaona zimenezi m'kuphethira kwa diso, munthuyo asanachite chilichonse choopsa. Tsitsi lomasuka nalonso ndi la maliro, popeza akazi akale kumeneko ankalimanga m'mwamba ali moyo. Nkhope yowonongeka ndi diso limodzi lotuluka pakati pa tsitsi zimakumbutsa Oiwa, mkazi wa m'sewero lachikale la ku Japan (kabuki) la 1825, amene anamwetsedwa mankhwala owononga nkhope mwamuna wake akufuna kukwatira wina. Ife maliro akatha timameta amoyo kuti chisoni chitsike. Iwo amationetsa wakufa amene tsitsi lake palibe analisamala.

Kenako werengani masiku. Ndi chizolowezi chimene chimathandiza kwambiri ndipo ambiri sachichita. Mu Chibuda cha ku Japan, Korea ndi China wakufa amakhala paulendo masiku 49, ndiko kuti masabata 7, ndipo pa tsiku la 7 lililonse abale amamupempherera. Ku Japan mabanja ambiri amasunga phulusa m'nyumba mpaka tsiku la 49 ndipo pamenepo m'pamene amakaliika kumanda. Ku China ambiri amakhulupirira kuti pa tsiku la 7 loyamba wakufa amabwera kudzaona nyumba yake. Ndiye mukamva mu Ringu kuti woonera kaseti yotembereredwa ya mu nkhaniyo amafa pakatha masiku 7, nambalayo ikulira ngati belu la maliro kwa eni ake. Ku Java amakumbukira wakufa pa tsiku la 3, la 7, la 40, la 100 ndi la 1000. Nambala 4 imaopedwa ku Japan, China ndi Korea chifukwa katchulidwe kake kamafanana ndi mawu oti imfa, moti nyumba zina zosanja ndi zipatala zimailumpha. Chikepe cha m'nyumba chikaima pa 4 chopanda woitana, wauzidwa kale. Ku Korea dzina la munthu wamoyo salilemba ndi inki yofiira.

Palinso nyengo. Cha pakati pa Ogasiti, ife tikukonzekera ulendo wa ku Mkaika, madera ambiri a Japan amachita Obon: amayatsa moto pakhomo kulandira makolo, ndipo pomaliza ena amayandamitsa nyali pamadzi kuwaperekeza. Kwa Matchaina mwezi wa 7 pa kalendala yoyendera mwezi ndi wa mizimu yanjala, yopanda mbumba yoikumbukira. Amaiwotchera ndalama zapepala m'mbali mwa msewu, ndipo ku Singapore pa zisudzo za nyengoyi mzere woyamba wa mipando amausiya wopanda munthu. Mlendo wa mu filimu akakhala pa mpando umenewo kapena akasesa phulusa lija, musadikire nyimbo yoopsa. Cholakwa chachitika.

Mchere ndi mpunga

Amalume aja a ku Mchini atamwalira tinakawaika kumudzi ku Chadiza. Pochokera kumanda tinapeza beseni pa njira yolowera m'mudzi, madzi ake obiriwira ndi masamba osinjidwa. Mayi wina wachikulire anaima pamenepo ndi chikho, ndipo palibe amene anadutsa, ngakhale abusa, ngakhale aja anabwera ndi masuti kuchokera ku Lusaka. Madzi anali ozizira, ankanunkhira ngati tchire lonyowa. Nditasamba ndinamva ngati china chatsika m'mapewa.

Zaka zitapita ndinaona mu filimu ina ya ku Japan bambo akuchokera kumaliro, ataima pakhomo pa nyumba yake osalowa, mkazi wake akumuwaza mchere pachifuwa ndi kumsana. Ndinakumbukira beseni lija nthawi yomweyo. Ku Japan ochokera kumaliro nthawi zambiri amapatsidwa kapaketi ka mchere ka ntchito imeneyi, ndipo pakhomo pa masitolo ena mumapezeka timilu tiwiri ta mchere. Imfa ili ndi litsiro lake, ndipo siyenera kulowa nawo m'nyumba. Mu filimu, munthu akalowa mothamanga osawazidwa, kapena kamulu kaja kakada kapena kugumuka, dziwani kuti mpanda wathyoka.

Koma apa ndi pamene muyenera kusamala, chifukwa kufanana kumanyenga. Kwa ife Achewa mchere uli ndi mbiri ina. Ndi njira imene mdulo umadzera: munthu "wotentha" akathira mchere m'ndiwo, wodwala ndi mwana kapena wina "wozizira" amene wadya. Kwathu mchere umatha kunyamula ngozi, kwa iwo umaichotsa. Gwiritsani ntchito mwambo wathu ngati nyali yokuthandizani kuona kuti pali chinthu, kenako funsani kuti kwa eni ake chikutanthauza chiyani.

Mpunga uli ndi zambiri. Timitengo todyera tikazikidwa choimirira m'mbale ya mpunga, mbale imeneyo ndi ya wakufa. Mwana akachita zimenezo patebulo n'kuona akulu atasintha nkhope, chifukwa chake n'chimenecho. Ku Japan mtembo ukatenthedwa, abale amatola mafupa ndi timitengo n'kuika mu mtsuko, n'chifukwa chake kupatsirana chakudya kuchoka pa timitengo kupita pa timitengo n'koletsedwa. Mpunga womata ndiwo mankhwala a jiangshi, ndipo mu filimu ya ku Korea ya Exhuma amauwaza mozungulira bokosi. Yang'ananinso guwa la makolo m'nyumba: chithunzi, lubani, kambale ka mpunga, kapu ya madzi. Ngati lubani akufuka ndipo mpunga ndi watsopano, banjalo likukumbukira akufa ake. Ngati pali fumbi, wotsogolera filimu wakuuzani mlandu wa banjalo osatsegula pakamwa. Ku Thailand tinyumba ta mizimu timakhala panja pa mzati, ndipo mudzaonapo botolo la Fanta yofiira yotsegula ndi kaphesi komwera. Si zinyalala. Ndi nsembe, monga ufa woyera umene makolo athu ankathira patsinde pa msolo.

Chingwe, ulusi ndi madzi

Mafilimu amenewa amakonda malire. Ku Japan chingwe chopotedwa ndi mapesi a mpunga, cholendewera timapepala toyera, chimamangidwa pa mtengo, pa mwala kapena pakhomo pa kachisi kusonyeza kuti kuseri kwake si kwa aliyense. Timapepala tolembedwa tomatidwa pachitseko ndi totchinga. Ku Thailand amonke amagwira ulusi woyera wa thonje popemphera, amauzunguliza nyumba, amaumanga padzanja, ndipo pamaliro umalumikizidwa ku bokosi. Ulusi umenewu ukaduka mu filimu, chaduka si ulusi wokha. Madzi nawo ndi malire: chitsime, thanki yapadenga, dontho lochokera kudenga, mtsinje umene Chibuda cha ku Japan chimati akufa amawoloka. Mwana aliyense wokulira kumudzi kwathu amadziwa kuti pali msitu umene sulowamo ngakhale mbuzi yako italowamo. Mtima umenewo ndi umene muyenera kuonera nawo wachinyamata wa mu filimu akamalumpha chingwe ndi kamera m'manja.

Amene waitanidwa kudzakonza

Pano ndi pamene mafilimu a ku Korea amaposa onse, ndipo ndikupemphani kuti mwambo ukayamba musathamangitse filimu. Funsani kuti wochita mwamboyu ndani, wamuitana ndani, akulipidwa ndi ndani, ndipo akulankhula ndi ndani.

Exhuma ya 2024, ya Jang Jae-hyun, inaoneredwa ndi anthu opitirira 11 miliyoni m'nyumba za kanema ku South Korea. Banja lolemera lokhala ku America lili ndi khanda losatonthola, ndipo wamizimu akuti gogo wawo sakugona bwino m'manda. Akusonkhana anthu anayi: amizimu awiri achinyamata, mkulu wodziwa kusankha malo a manda, ndi wokonza maliro amene ndi Mkhristu wopemphera. Onani mkulu uja akamalawa dothi ndi lilime kuti adziwe ngati malowo ndi abwino. Onani kuti asanakumbe, wa m'banjamo amamenya mtumbira ndi fosholo akufuula, kuti wogonayo asadzidzimuke. Ndi kuodira kumene. Onani nkhumba zisanu zoikidwa pambali pa manda pamene wamizimu akuvina ndi mipeni: tsoka limene likanagwera okumba alipatsa kolowera kwina. Aliyense amene anaonapo nkhuku ikufera mlandu wa munthu samafunika kumasuliridwa. Koma pansi pa bokosi loyamba pali lina, loimikidwa choimirira, ndipo apa filimu ikunena za dziko lonse. Japan inalamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945, gogo uja anali wogwirizana ndi atsamunda, ndipo ku Korea kuli nkhani yofala yoti atsamunda anakhoma zitsulo m'mapiri kuti adule mphamvu ya dziko. Manda a banja asanduka manda a mbiri. Ife amene tauni yathu inkatchedwa Fort Jameson, amene timakumbukira Nsingo, mwana wa Mpezeni, ndi nkhondo ya Angoni ndi atsamunda ya 1898 chaka chilichonse mu Febuluwale, sitiyenera kuvutika kumva zimenezo.

The Wailing ya 2016, ya Na Hong-jin, ndi yolemera kuposa pamenepo, ndipo inandisowetsa tulo chifukwa cha bambo wa mmenemo. Ndi wapolisi wa kumudzi, mwana wake wamkazi wadwala matenda osadziwika. Apongozi ake akuitana wamizimu, amene akupeza khwangwala wakufa mu mtsuko wa pakhomo n'kutchula mtengo waukulu. Kutchalitchi wansembe akumuuza kuti apite naye kwa dokotala. Pa mwambo waukulu ng'oma zikulira, nyama zikuphedwa, mwana akukuwa m'nyumba, ndipo bamboyo akulephera kupirira n'kuimitsa zonse. Chakumapeto mkazi wovala zoyera akumuuza kuti asalowe m'nyumba mwake mpaka tambala atalira katatu, pomwe wamizimu uja akumuimbira foni kuti asamukhulupirire mkaziyo. Filimu inayamba ndi mawu a pa Luka 24, pamene ophunzira ankayesa kuti aona mzimu, ndipo tambala uja aliyense wa Sande sukulu akumudziwa. Musataye nthawi yonse kufunafuna kuti mdierekezi ndani. Yang'anani bambo waima mumdima pakati pa mawu awiri, mwana wake ali mkati. Ndani mwa ife sanaonepo kholo likuyenda kuchoka kuchipatala kupita kwa sing'anga, kuchoka kwa sing'anga kupita kwa mneneri, mbuzi zikutha m'khola, aliyense akumuuza kuti winayo ndi wabodza? Filimuyi siimuseka munthu ameneyo, ndipo inenso sindingamuseke.

Zenizeni ndi zopeka

Si mwambo uliwonse wa pa kanema umene ulipodi. Incantation ya ku Taiwan ya 2022, imene ambiri anaionera pa Netflix, ili ndi mulungu, mawu obwereza ndi kapindidwe ka manja zimene opanga filimu anapeka okha. Ngakhale zili choncho, filimu ikakupemphani kuti mubwereze mawu, ine ndimati khalani chete. Pakamwa si poseweretsa. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi iyi: chimene anthu a mu filimu akuchita mosafotokoza, monga kuwaza mchere kapena kuyatsa lubani, kawirikawiri ndi cha tsiku ndi tsiku. Chimene akuchifotokoza nthawi yaitali, ndi buku lakale ndi mudzi wobisika, kawirikawiri ndi chopangira nkhaniyo.

Ndipo kumbukirani kuti kanema amasankha choopsa. Mudang weniweni amathera nthawi yambiri akutonthoza amasiye ndi kupempherera malonda a anthu. Obon ndi nthawi ya mabanja kukumana ndi kuvina. Zimandipweteka mlendo akajambula Gule Wamkulu n'kulemba pa Facebook kuti ndi ziwanda za ku Africa, osadziwa kuti gule amaperekeza maliro, amalangiza mudzi, ndiponso kuti UNESCO inamulemekeza mu 2005. Tisawachitire anzathu zomwezo. Ine ndimapemphera, ndipo sindinaonepo kuti kumvetsa chifukwa chimene mayi wa ku Bangkok amayatsira lubani kwandichotsera chikhulupiriro. Koma ngati mtima wanu sukupeza mtendere, zimitsani. Palibe amene akukukakamizani.

Mwambo ukachitika koma mzukwa osachoka

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mafupa apezeka, amonke apemphera, nyimbo yafewa, koma kwatsala mphindi 15. Zikatero bwererani ku funso loyamba, chifukwa mbale yakhumi sinali imene mumaganiza.

Mu Shutter ya ku Thailand ya 2004, wojambula zithunzi akudandaula khosi kuyambira pachiyambi. Kuchipatala akwera pa sikelo, ndipo ikusonyeza makilogalamu 120, kulemera kwa anthu awiri. Pambuyo pake akupeza kuti mtsikana amene anali naye pachibwenzi anafa kale, ndipo mayi ake akusunga mtembo m'chipinda chifukwa cholephera kuvomereza. Akuwanyengerera, mtembo ukutenthedwa monga mwa mwambo, ndipo woonera akupuma. Koma mzukwa sukuchoka. Mnyamatayu anaona anzake akumuchita chipongwe mtsikanayo, anajambula m'malo momupulumutsa, ndipo sanaululepo. Chithunzi chomaliza chikumuonetsa mtsikanayo atakhala pamapewa ake, pamene anakhala nthawi yonseyi. Maliro anatha, mlandu sunakambidwe. Kumudzi kwathu akuluakulu amadziwa kuti pali maliro amene sanyamuka mpaka mbali ziwiri zitakhala pansi, ndipo amene amaumirira zimenezo sachita nkhanza.

Choncho mukafika pa mphindi zomalizazo, siyani kuyang'ana mzukwa. Yang'anani amoyo. Ndani akudziwa kanthu? Ndani wapepesa, ndani wangolipira mwambo kuti nkhani ife? Ndipo tsoka likapanda kutha, akulipereka kwa ndani?

Usiku uja ku Mchini filimu inafika pamene mayi wa mu nkhaniyo atsikira m'chitsime n'kukumbatira mafupa a mtsikana uja. Ambuya anasiya nshawa. "Eya," anatero, "tsopano akamuike bwino." Tonse tinayesa kuti zatha. M'mawa mwake mu filimumo mtsikanayo anatuluka mu TV n'kupha bambo wa mwana wa mayi uja, ndipo ife tinakuwa monga tinkafunira, mpaka amalume anatuluka m'chipinda. Ambuya sanakuwe. Anandifunsa ngati pali amene anapepesa kwa mtsikana wa m'chitsime uja, ndipo ndinati filimu sinationetse aliyense. Kenako ndinawafotokozera mathero: mayi uja wazindikira kuti wopulumuka ndi amene wakopa kaseti n'kuonetsa munthu wina, mwana wake wamwamuna anaionera kale, ndiye ali pa galimoto kupita kwa atate ake okalamba.

"Kwa agogo ake a mwanayo?"

Ndinati inde, Ambuya.

Anakhala chete nthawi yaitali, akusonkhanitsa makoko m'mphepete mwa lichero ndi chikhatho. Kenako anaimirira, nandiyang'ana ine, osati TV.

"Akanakhala iwe," anatero, "ine ndikanaonera kasetiyo."